Lembani Kuti Ndafa

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene a Lazaro, amuna a malemu azakhali anu a Ketilina, sankadya pakhomo pathu, ndiponso chifukwa chimene ankanditchula kuti a Kalaliki m'malo moti alamu. Amayi anu ankakuuzani kuti ndi nthabwala za pachilamu. Sizinali nthabwala. Amayi anu ankangondibisira manyazi. Pano apita, ine maso ayamba kuchita khungu, ndiye ndati ndilembe ndekha nkhaniyi ndisanayambe kuikometsera.

Katete, 1953 mpaka 1956

Ndinalowa ntchito ya positi ku Katete mu 1953, chaka chimene chitaganya cha maiko atatu chinayamba. Ndinali ndi pepala la Sitandade Sikisi, kabudula wa khaki mmodzi, ndi matama oti nkudzaza thumba la makalata. Ntchito yolembedwa inali kugulitsa masitampa ndi kusankha makalata. Koma ntchito yeniyeni inali kulembera anthu matelegalamu m'Chingerezi. Masiku amenewo amuna ambiri a kwathu anali ku mafamu a fodya a ku Walale, ena ku migodi. Kumudzi kukagwa vuto, mkazi kapena mayi ankayenda wapansi kubwera pawindo langa, kuti ine ndisandutse misozi yake ikhale mawu asanu kapena asanu ndi limodzi oti mzungu wa pa famu awerenge ndi kumasula munthu wake.

Amene anandiphunzitsa ntchitoyi anali a Zulu, kalaliki wamkulu, Mngoni wamtali wosaseka wamba. Sabata yoyamba anatenga fomu yotha ntchito, naitembenuza, nalemba mawu motsika.

"Taona, mphwanga," anatero. "Chingerezi cha matenda chili ngati makwerero otsikira m'dzenje. Pamwamba pali unwell, munthu wangodzuka ndi m'thupi molemera. Kenako sick. Kenako serious. Pansi pake critical, apo ndiye abale ayambe kusonkhana. Kenako dying. Pomalizira dead. Usadumphe, ndipo usabwerere."

Mawuwo ndinawakonda ngati mwana wopatsidwa nsapato. Ndinagula kabuku nkuyamba kutolera ena a mavuto: hardship, distress, misfortune, destitute, calamity. Ndinkawatchula mokweza ndikupalasa njinga, kuti anthu m'njira amve kuti kwadutsa munthu wophunzira. Ndinkaganiza kuti wodziwa kutchula vuto ndi dzina lake lenileni la Chingerezi ndiye kuti wathetsa theka la vutolo. A Zulu ataona kabukuko anangopukusa mutu.

"Awo ndi mawu a pa mayeso," anandiuza. "Mzungu wa pa famu, fodya akapsa m'munda, amamva liwu limodzi basi, lomalizira lija. Enawo amakolezera kaliwo wake."

Apa ndi pamene panali msampha, ndipo mumvetse bwino, chifukwa inu a masiku ano mumangoimbirana lamya nkuti wakutiwakuti wamwalira. Kwathu munthu wokhala kutali sankauzidwa maliro poyera. Tinkaopa kuti angakomoke m'njira kapena kudzichita choipa ali yekha pakati pa alendo. Munthu akamwalira, uthenga unkapita woti akudwala kwambiri, bwerani msanga, ndipo wolandirayo ankadziwa yekha mumtima kuti kumudzi kwagwa zovuta. Tsono kunena kuti wamoyo wafa, amenewo anali malodza, kumukumbira munthu manda akupuma. Choncho anthu athu ankafuna kuti ndilembe serious pamene munthu wafa kale, pamene mzungu ankafuna kuona dead asanatsegule geti. Ine ndinali pakati, ndi pensulo yanga.

Mu 1956 kunabwera mayi wina wokalamba, a Nambewe, kachitatu. Amuna awo, a Sandalamu, anali atagona mwezi wathunthu. Matelegalamu awiri a serious anali atapita kwa mwana wawo ku famu, koma kunali zii. Tsikulo mayiyo sanalire. Anangokhala pansi pakhonde la positi nati, "Mwanawe, ine kwathu sindibwerera. Ndikawauza chiyani? Akangomva phazi panja akufunsa ngati ndi mwana wawo." Ndinayang'ana uku ndi uku, a Zulu anali atatuluka, ndipo ndinalemba kuti FATHER DEAD COME.

Mnyamatayo anafika patatha masiku asanu ndi limodzi, akulira kuchokera pamsewu, atanyamula nsalu yoti aike pamaliro. Anapeza atate ake atatsamira chipupa akuwothera dzuwa. Nkhalamba ija itamuona inayamba kudya, ndipo pomatha mwezi inali ikuyenda. Tsiku lina ndinangoona ndodo ikugogoda pawindo.

"Ndiwe unandipha pa waya?"

"Ndine, agogo."

"Wopanda mwambo iwe. Ukanandiuza, bwenzi nditaphikitsa mowa wa maliro anga nkumwako." Anandilozetsa ndodo ija, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. Mdalayo anakhalanso ndi moyo zaka zambiri ndithu.

Koma mwanayo sanabwerere ku famu, ndipo mwini famu atamva kwa anzake kuti kunalibe maliro, analembera akuluakulu a positi. Bwana wathu anabwera yekha kuchokera ku Fort Jameson, kumene lero mukuti ku Chipata. Tinkamutchula kuti Bwana Kapensulo, chifukwa cha pensulo yofiira imene sinkachoka kukhutu kwake. Anandiimika pamaso pa anthu ogula masitampa, nayankhula Chinyanja chake cha m'buku.

"Iwe wanena bodza pa waya wa boma. Chifukwa ninji?"

"Bwana, munthu anali pafupi kufa."

"Pafupi kufa ndi kufa, kodi ndi chimodzi? Iwe udziwa Chingerezi. Ukachitanso, ntchito yatha, ndi khoti pamwamba." Analemba chizindikiro chofiira pa fayilo yanga, nandiuza kuti ndikupita ku Vubwi. Anaikanso lamulo loti telegalamu iliyonse ya maliro yochoka m'manja mwanga izikhala ndi pepala la chidindo cha chipatala kapena cha khoti la mfumu. Bwana atachoka, a Zulu anandiyandikira. Titatsala awiri anati, "Unachita zaumunthu, mphwanga. Koma zaumunthu pano sizilembedwa pa fayilo."

Vubwi, 1957 mpaka 1959

Ku Vubwi kunalibe waya. Positi inali kachipinda kophatikana ndi sitolo, kodontha pakona imodzi. Telegalamu ndinkailemba pa fomu, nkuiika m'thumba, nkumadikira njinga yoti iipereke kumene kunali waya. Nthawi ya mvula mitsinje ikadzaza, thumba linkagona ndi ine sabata ziwiri. Mafomu ankatha, inki inkatha, matayala a njinga tinkathiramo udzu. Ndinali nditangokwatira amayi anu, ndipo iwe Rozaliya unabadwira kumeneko, m'nyumba imene chiswe chinkatipatsa moni m'mawa uliwonse. Amayi anu sanadandaule ndi pakamwa, koma ndinkaona mmene ankayang'anira msewu.

Ndinapsa mtima, ndipo mkwiyo wanga sunapite kwa Bwana Kapensulo, chifukwa iye anali kutali ndiponso anali wamphamvu. Unapita kwa amphawi obwera pawindo. Ndinkati mumtima, ndi anthu ngati awa amene andiponyetsa kuthengo kuno. Anthu ankachokera m'mapiri, ena kumalire a Nyasalande, ena mbali ya Apwitikizi, atayenda kuyambira mbandakucha. Munthu akati, "Lembani kuti kwagwa zovuta," ine ndinkafunsa, "Chidindo chili kuti?" Akati wodwala watsala madzi amodzi, ndinkafunsa ngati akumwa phala, ngati akuyankhula, ngati akutuluka yekha panja, ndipo ndinkamuika pa khwerero lake lenileni, osakweza, osatsitsa. Anandipatsa dzina loti a Tomasi, wosakhulupirira asanaone zipsera. Ndinkalimva dzinalo nkumanyada nalo, tangoganizani.

Bwana Kapensulo anabwera kamodzi kudzaona mabuku. Anawerenga makope a matelegalamu anga onse ndi pensulo m'manja, koma sanapeze poikhudzitsa. "Tsopano wakhala kalaliki," anatero. Mawu amenewo ndinawasunga ngati mendulo. Kumapeto kwa 1959 ananditumiza ku Sinda, pamsewu waukulu, kufupi ndi mudzi wa kwathu. Amayi anu anaimba nyimbo ya kutchalitchi njira yonse pamwamba pa lole.

Sinda, 1960 mpaka 1961

Ku Sinda ndinali ndekha pa positi, ndi nyumba ya malata ndi lamya yoyankhulira ndi a ku Fort Jameson. Telegalamu ndinkaiwerenga pa lamya, ndipo tsiku lomwelo inkapita. Makope ake ndiwo ankatsatira kumapeto kwa mwezi. Mudzi wathu unali mtunda woti panjinga ufika thukuta lisanatuluke. Kumeneko kunali mlongo wanga Ketilina, wobadwa pambuyo panga, amene ndinkamubereka kumsana ali khanda. Amuna ake, a Lazaro, anali pa famu ya fodya ku Walale chaka chachitatu. Anali munthu wofatsa, wokonda mkazi wake mopanda manyazi. Asanapite ankamusenzera nkhuni anthu akuona, amuna anzake akumuseka kuti anadyetsedwa.

Ketilina anayamba kutsokomola mu 1960. Anagona kuchipatala miyezi, ndipo mu Febuluwale 1961 anamubweza kumudzi, akuti chifuwa chachikulu chadya mapapo onse awiri. Loweruka lina masana ndinapita kukamuona. Anali atamugoneka pamphasa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Anauza ana ake kuti akasewere, nandikodola kuti ndisendere pafupi.

"Alongo, fodya wapsa kumene kuli a Lazaro. Mzungu sawamasula."

"Ndilemba telegalamu yamphamvu," ndinatero.

"Yamphamvu yake iti? Ine ndinamva za a Sandalamu a ku Katete. Lembani kuti ndafa."

"Iwe Ketilina, usalankhule malodza!"

"Malodza ake ati, alongo? Kodi mukuona ngati ndidzalawa chimanga chili m'mundachi? Ndikudzipha ndekha ndi pakamwa panga, inu mungobwereka dzanja. Lembani kuti ndafa, abwere ndiwaone. Akadzafika mudzangowauza kuti telegalamu inafulumira pang'ono." Anayesa kuseka, koma chifuwa chinamugwira.

Ndinamuuza za mwambo. Ndinamuuza kuti akuluakulu akamva adzati ine mwini mbumba ndalodza mlongo wanga. Ndinalankhula zambiri, ndipo iye anangondiyang'ana mpaka nditatha.

"Si mwambo umene mukuopa," anatero. "Ndi ntchito."

Ananena zoona. Pobwerera panjinga ndinkaona pensulo yofiira, kachipinda ka ku Vubwi, nyumba ya malata, iwe Rozaliya, ndi iwe Petulo amene unali m'mimba. Chidindo cha maliro ndinalibe. Kope likanafika kwa bwana kumapeto kwa mwezi, ndipo chenjezo langa linali lomaliza. Mwina akanandikhululukira, mwina sakanaona nkomwe. Sindidzadziwa, chifukwa sindinayese. Lolemba m'mawa ndinatsegula kabuku kanga kaja, nkukhala ola lathunthu ndikusankha mawu ngati munthu wosankha mbewu. Ndinadzinamiza kuti Chingerezi chikakhala chakuthwa bwino, ngakhale mtima wa mzungu chiuboola. Ndinalemba kuti WIFE CRITICAL FAMILY IN GREAT DISTRESS COME URGENTLY. Kalaliki wa ku Fort Jameson amene ankalandira pa lamya anati, "Koma achimwene, Chingerezi mumachitha!" Ndipo ine, chitsiru, ndinamva kukoma.

Ketilina anakhala ndi moyo masabata asanu. Ndinkapita madzulo aliwonse ndikatseka positi. Basi ya ku Lusaka ikaima pa Sinda, ankatuma munthu kukaona amene watsika. Ndikafika funso linali limodzi. "Ayankha?" Ine ndinkati, "Telegalamu inapita, mlongo wanga, tidikire." Sabata yachitatu anandifunsa, "Munalemba zimene ndinakuuzani?" Ndinati ndinalemba zoposa pamenepo. Anatembenukira kukhoma. Sanandifunsenso za telegalamu, koma za basi sanasiye kufunsa mpaka mawu atatha.

Anamwalira Lachinayi m'mawa. Akulu a pamudzi anati nditumize mawu oti akudwala kwambiri, monga mwa mwambo. Sindinawamvere. Ndinapalasa njinga kupita ku khoti la mfumu, nkutenga pepala la chidindo, nkubwerera pa positi. Ndinalemba mawu awiri, WIFE DEAD. Sindinafunike kabuku. Liwu limene mlongo wanga anandipempha ali moyo ndinamupatsa tsopano, lili ndi chidindo chake, lolongosoka, loti bwana sangapezepo polemba chofiira.

A Lazaro anatsika basi patatha masiku asanu ndi limodzi, titaika kale. Sanapite kumudzi poyamba. Analowa mu positi ndi kasutikesi kawo, naima pawindo ngati munthu wogula sitampa. Atavula chipewa ndinaona kuti tsitsi lawo linali lalifupi, longomera kumene.

"Alamu," anatero, "ndifotokozereni. Mwanditumizira maliro kawiri. Mkazi wanga wafa liti?"

"Lachinayi lapitali."

"Nanga yoyamba ija?"

"Anali moyo. Ankadwala kwambiri."

Anagwira thabwa la pawindo ndi manja onse awiri. Anandiuza pang'onopang'ono, osakweza mawu. Telegalamu yoyamba itafika, kalaliki wa pa famu anawamasulira kuti mkazi wanu akudwala kwambiri, banja lili pachisoni chachikulu, bwerani msanga. Anthu a kwathu amene anali pa famupo atamva anavula zipewa. Aliyense anadziwa kuti mawu otere, ochokera kwa mlamu wophunzira, ndi maliro onenedwa mwaulemu. A Lazaro anakapempha tchuthi. Mzungu anawerenga pepalalo nati kudwala si kufa, fodya sadikira. Iwo anaganiza zothawa, koma anzawo anawaletsa kuti, muthawira chiyani, mukagwidwe opanda chitupa, pamene munthu aika kale? Choncho anakhuza maliro komweko. Anzawo anawameta kuseri kwa nyumba zowotchera fodya, naimba nyimbo ziwiri, m'mawa mwake nkubwerera kumunda.

"Ndinameta maliro, mkazi wanga ali moyo," anatero. "Masabata asanu ndakhala wamasiye, iye akundidikira. Ndikanadziwa kuti akupuma, alamu, ndikanabwera wapansi. Chitupa ndi chiyani? Ndende ndi chiyani? Yachiwiri itafika, mzungu yemweyo anandimasula tsiku lomwelo, mpaka anandikweza galimoto yake kukandisiya pamsewu."

Ndinali nditayesa kusunga ntchito ndi kusunga mlongo nthawi imodzi, ndipo akulu ananena kale kuti mapanga awiri avumbwitsa. Telegalamu yanga yokongola ija mzungu anaiona yopepuka, mlamu wanga anaiona yolemera, ndipo panalibe amene anamva chimene inkanena.

Ndikanatha kukhala chete pamenepo. A Lazaro akanaimba mlandu mzungu, kapena mwambo, kapena tsoka. Koma anandifunsa funso limene sindinalikonzekere.

"Iye sanasiye mawu?"

"Anasiya. Anandipempha kuti ndilembe kuti wafa, kuti mzungu akumasuleni mudzamuone."

"Ndipo inu?"

"Ndinakana."

Sanatukwane, sanalire. Ndikanakonda akanandimenya mbama pomwepo. Anavala chipewa, nanyamula kasutikesi.

"Zikomo, a Kalaliki," anatero. "Ntchito mumaidziwa."

1963, ndi zaka zotsatira

Chitaganya chinatha mu 1963, ndipo Bwana Kapensulo ananyamuka kubwerera kwawo. Asanapite anandilembera kalata yondiyamikira, yoti ndine kalaliki woona mtima amene mawu ake angathe kudaliridwa. Kalata imeneyo ndi imene inandikweza pantchito, ndipo ntchitoyo ndi imene inakuphunzitsani nonsenu. Sindikunena izi kuti muzimva kuwawa. Inu munalibe mlandu. Ndikungofuna mudziwe mtengo wake wa nyumba ya malata imene munakuliramo, ndi amene anaulipira. Sindinali ine.

Kalatayo mudzaipeza m'sutikesi yanga yachitsulo, pamodzi ndi kabuku ka mawu a mavuto. Ndawerenganso kabukuko chaka chino. Muli mawu okwana masamba ambiri, aliyense ndi tanthauzo lake lolembedwa mwaukhondo, ndipo palibe ngakhale limodzi limene linathandiza munthu. Liwu lokhalo limene linabweretsa mwana kwa atate ake m'zaka zanga zonse za pa positi linali bodza lija ndinalembera a Nambewe, limene ndinalangidwa nalo, nkulapa ngati tchimo.

A Lazaro sanabwererenso ku Walale, ndipo sanakwatirenso. Anakhala pamudzi pa mkazi wawo, akulera ana, ngakhale abale awo ankawaitana kuti abwerere kwawo. Tinkakumana pamaliro, pamaukwati, kutchalitchi. Sanandichitirepo mwano, moni ankandipatsa ndi manja awiri. Atadwala matenda awo omaliza ndinapita kukawaona, tonse tili ndi imvi. Ndinakhala pambali pa mphasa nkunena kuti, "Alamu, ndabwera." Ndinkayembekeza kuti mwina tsiku limenelo liwu lija loti alamu libwerera.

Anatsegula maso, nandizindikira bwinobwino.

"Mwabwera, a Kalaliki," anatero. "Mwafulumira. Sindinafe."